Kodi kamera yathu ikuopa chiyani ku Zomba?

Pali nkhani imodzi imene anthu amangoinong'ona m'mabala ndi m'maminibasi koma palibe afuna kuilemba m'nyuzipepala, mwina poopa kukhumudwitsa anzawo amene amamwera nawo limodzi. Ife tiilemba lero. Opanga mafilimu ndi mapologalamu a pa wailesi ya kanema m'dziko muno akuthawa nkhani zikuluzikulu za mtundu wathu, ndipo atolankhani olemba za msangulutso akuwathandiza kuthawako powaombera m'manja sabata ndi sabata. Wofuna umboni asavutike ndi kupita kutali. Akwere basi apite ku Zomba.

Akafika akwere phiri, adutse pa Ku Chawe ndi damu la Mulunguzi, akaime pamalo paja amati Emperor's View, pomwe idaima mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie. Alendo akaima pamenepo amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali, najambula zithunzi zokaonetsa kwawo. Koma Mmalawi wodziwa mbiri ya kwawo akayang'ana pansipo amaona zina. Amaona mafilimu khumi ndi mphambu amene tikuwadikirabe mpaka lero.

Pansi pomwepo pali Gymkhana Club, pomwe apolisi adakagwira a Jack Mapanje pa 25 September 1987, iwo ali mkulu wa nthambi ya Chingerezi pa Chancellor College. Adawatengera kundende ya Mikuyu, kunja kwa tauni yomweyi, komwe adakhala zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri osauzidwa mlandu, osaonekera kubwalo lililonse, mpaka adatuluka mu May 1991. Ku Mikuyu komweko kudalowanso a Sam Mpasu, amene pambuyo pake adalemba buku lija lakuti Political Prisoner 3/75. Kudalinso a Machipisa Munthali, amene adakhala m'ndende zaka 27, kulowa ali mnyamata kutuluka ndi imvi.

M'tauni yomweyi, mu May 1983, nthawi imeneyo Nyumba ya Malamulo ikukumanabe ku Zomba, ndi momwe adagwidwira nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga. Mitembo yawo idakapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Komiti yofufuza yomwe idakhazikitsidwa mu 1994 idapeza kuti anthuwa adachita kuphedwa. Mlandu udazengedwa mu 1995 ndipo a Kamuzu Banda ndi a John Tembo bwalo lidawapeza osalakwa. Tsono adalamula ndani? Funso lokhalo ndi filimu yathunthu.

Nanga ndende yaikulu ya Zomba? M'menemo adanyongedwa a Albert Muwalo mu 1977, munthu amene dzulo lake anthu ankanjenjemera akangomva dzina lake. Mnzawo a Focus Gwede, amene adali mkulu wa Special Branch, adakalawa okha mgaiwa wa kundende kumene ankatumizako anzawo. M'menemonso adamwalira a Orton Chirwa mu October 1992, nduna yathu yoyamba ya zamalamulo, mkazi wawo Mayi Vera Chirwa ali m'ndende yomweyo koma kwa zaka zambiri osaloledwa kuonana. Inu amene mumati Amalawi amangofuna nkhani zachikondi, nayo nkhani yachikondi. Mukufunanso ina yotani?

Ngakhale tisiye ndale pambali, nkhani sizitha ayi. Kuli Napolo amene adatsika phiri mu December 1946 n'kukokolola milatho, nyumba ndi anthu. Kuli chipilala cha asilikali a King's African Rifles, ana a m'midzi yathu amene adakamenya nkhondo za eni ake mpaka ku Burma. Pamwamba pa phiri pali dzenje la Chingwe, lomwe nkhalamba zimasimba kuti ankaponyamo anthu. Kumunsi kuli asodzi a ku Kachulu ndi ku Chisi, amene nyanja yawo imaphwa n'kubwereranso. Mtundu wina ukadakhala ndi nkhokwe yotere, bwenzi makamera akuchita kupanikizana pamsewu wokwera phiri. Ife tikujambula chiyani? Mwamuna wachimasomaso wobisala kunsi kwa bedi, apongozi okhwima, ndi mtsikana wa kumudzi amene waonongeka atafika m'tauni. Chaka ndi chaka, nkhani zomwezo, kungosintha maina ndi mawigi.

Chopweteka kwambiri n'chakuti Zomba yomweyo ndiyo mphika umene udaphika ambiri mwa alembi ndi ochita zisudzo a dziko lino. Chancellor College idasamukira ku Chirunga mu 1973, idabwera ndi gulu la alembi lija la Writers' Group lomwe lidayamba mu 1970. Kumeneko kudakulira Travelling Theatre, gulu la ophunzira lomwe linkayenda ndi masewero m'masukulu ndi m'maholo, m'manja mwa aphunzitsi monga a James Gibbs, a Chris Kamlongera ndi a David Kerr. Kumeneko malemu Steve Chimombo adalemba sewero la The Rainmaker, lonena za Mbona, ndi ndakatulo zawo za Napolo. Anthu amenewa ankagwira ntchito mpeni uli pakhosi. Lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero lililonse lipite kaye ku Censorship Board lisanaonetsedwe, ndipo akuluakulu a kumeneko ankafufuta mawu momwe afunira. M'holo munkakhala akazitape. Komabe alembiwo adapeza njira. Adabisala m'nthano, m'miyambi ndi m'zining'a, ndipo wa makutu ankamva. Ankanena zoopsa kuposa zimene tikunena ife lero amene palibe watigwira pakamwa.

Ndiye tivomereze kuti kale chifukwa chidalipo. Wailesi ya kanema kudalibe, popeza boma la a Banda silidailole. Kamera idali ya boma, yojambula Ngwazi ikuyendera minda ndi mbumba ikuvina. Nthawi ya atsamunda nayonso kamera idali ya eni ake: Central African Film Unit, imene idayamba mu 1948 ili ku Salisbury, inkatumiza magalimoto m'midzi kudzaonetsa anthu akuda mafilimu owaphunzitsa kulima, kusamba ndi kumvera. Palibe angadzudzule agogo athu kuti sadajambule nkhani zawo.

Koma pa 14 June 1993 tidavota, pa 17 May 1994 tidavotanso, malamulo atsopano adatipatsa ufulu wolankhula, ndipo mu April 1999 Television Malawi idayamba kuulutsa. Lero nyumba za kanema zachuluka, ndipo foni ya m'thumba mwa mwana wa sukulu imajambula chithunzi chooneka bwino kuposa makamera amene ankajambula Ngwazi. Zaka zoposa 30 zadutsa. Nanga tsopano watitseka pakamwa ndani?

Woyamba ndi wopereka thandizo, ndipo apa tiyenera kulankhula mosamala chifukwa mbewu yake idadzalidwa ku Zomba konko ndipo idali mbewu yabwino. Kuyambira mu 1981, pomwe Travelling Theatre idapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, ndiponso m'zaka zotsatira pomwe idagwira ntchito ndi azaumoyo m'midzi ya ku Liwonde, ophunzira adasiya Chingerezi cha m'holo n'kukachita masewero pabwalo la mfumu m'chilankhulo cha anthu. Anthu a m'mudzi ankalowa nawo m'sewero, kukambirana za zitsime, zimbudzi ndi matenda. Idali nzeru yaikulu, ndipo palibe angawerenge miyoyo imene idapulumuka chifukwa cha masewero otere, makamaka Edzi itavuta. Koma chimene chidayamba ngati njira imodzi chasanduka msewu wokhawo. Mwana amaphunzira zisudzo zaka zinayi ku Chirunga, amawerenga Soyinka ndi Brecht, akatuluka ntchito imene imamupatsa ndiwo ndi ya bungwe lofuna sewero la mphindi khumi lakuti sambani m'manja. Mutu wa nkhani umachokera mu ofesi, uthenga walembedwa kale, ndipo mlembi ntchito yake ndi kungouveka malaya. Wochimwa ayenera kudwala, womvera ayenera kulemera, pamapeto mfumu iimirire ifotokoze phunziro ngati kuti oonera ndi ana a sitandade wanu. Abale, kodi si zomwe zija ankachita a Central African Film Unit? Kusiyana kwake n'kwakuti lero kamera taigwira tokha.

Sitikunena kuti filimu ya uthenga siingakome. Neria ya ku Zimbabwe idapangidwa ndi ndalama za opereka thandizo, uthenga wake udali wa kulanda chuma cha amasiye, koma idaliza anthu kuno kwathu chifukwa mlembi wake, Tsitsi Dangarembga, adalemba za munthu weniweni wokhala ndi mtima ndi zofooka. Vuto ndi pamene mtundu wonse uzolowera kuti sewero limayamba bwana wa pulojekiti akasaina cheke. Palibe bungwe lakunja lomwe lidzabwere ndi ndalama kuti tijambule za Mikuyu, chifukwa Mikuyu mulibe m'mapulani awo a zaka zisanu. Akufa a ku Thambani si awo. Ndi athu.

Tisaiwale kuthokoza amene ayesetsa, paja wakutsina khutu ndi mnansi ndipo mnansi amadziwanso kuyamika. A Shemu Joyah, amene ntchito yawo yeniyeni ndi yoyeza malo, adatipatsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Tapiwa Gwaza adapata mphoto ya mu Africa chifukwa cha mbali imene adasewera mu filimu yoyambayo. Mayi Joyce Mhango Chavula adabwera ndi chikho kuchokera ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yawo ya Lilongwe. Achinyamata adatipatsa Fatsani, nkhani ya mtsikana wogulitsa malonda mumsewu. Amenewa atsimikiza kuti luso lilipo, ochita zisudzo alipo, ndipo Chichewa chimamveka bwino pakanema. N'chifukwa chake funso lathu likulemera. Ngati tingathe izi, zinazo tikuzizembanji?

Taonani tsono zimene zimachitika mwini nkhani akakhala chete. Mu 2013 kudabwera Ian Brennan wa ku America ndi mkazi wake Marilena Delli, adalowa m'ndende ya Zomba ndi makina ojambulira mawu, najambula akaidi akuimba. Chimbale cha Zomba Prison Project chidatuluka mu 2015 ndipo chidalowa nawo pamndandanda wa opikisana pa mphoto za Grammy za 2016, koyamba kuti Malawi afike pamenepo. Anderson Cooper wa pologalamu ya 60 Minutes adachita kuuluka kuchokera ku America kudzajambula nkhani yawo. Ndendeyo ili pamtunda woti munthu akhoza kuyenda pansi kuchokera ku Chirunga. Akaidiwo sadayambe kuimba tsiku limene adafika mzungu. Ankaimba kale, koma makutu athu adali kwina.

Chimodzimodzi William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Nkhani yake idafika pa Netflix mu 2019 kudzera mwa Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, ndipo William adaseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Amalawi tidadandaula kwambiri kuti Chichewa cha m'filimuyo n'chopotoka. Zoona, chidali chopotoka. Koma amene tili ndi Chichewa chowongoka tidali kuti zaka zonsezo? Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Sadatiuze kuti akatha kumeta amabwerera nako kwawo. Ndipo mlendo amameta mmene afunira. Anzathu a ku Uganda adaona nkhani ya Idi Amin ikusimbidwa mu The Last King of Scotland mu 2006 kudzera m'maso mwa dokotala wachizungu wongopeka. Tikapitiriza kugona, tsiku lina tidzaona filimu ya Orton ndi Vera yojambulidwa ku Cape Town, ngwazi yake ili loya wa ku London, ndipo tidzathamangiranso pa Facebook kukadandaula za katchulidwe.

Tikudziwa mayankho amene abwere, chifukwa timawamva nthawi zonse. Loyamba ndi lakuti ndalama palibe. Zoonadi palibe zambiri. Nyumba zoonetsera kanema zidatha kale m'matauni ambiri, akuba amakopera filimu tsiku lomwe yatuluka n'kumaigulitsa pamsika, ndipo m'mavidiyo sho a ku Chinamwali ndi ku Mpondabwino anyamata amaonera mafilimu a nkhonya omasuliridwa m'Chichewa. Koma Nollywood yonse imene tikuigwadirayi idayamba ndi Living in Bondage mu 1992, filimu ya m'chilankhulo cha Igbo yojambulidwa pa tepi wamba. Ndipo taganizani, filimu ya Mikuyu imafuna chiyani? Chipinda chimodzi, ndowa imodzi pakona, zofunda zong'ambika, ndi amuna asanu ndi atatu odziwa kusewera. Siifuna helikopita. Ndalama zimene zimathera pa vidiyo imodzi ya nyimbo, ndi magalimoto obwereka ndi mabotolo a mowa wodula, zikhoza kujambula theka lake. Chimene chikusowa kwenikweni ndi munthu wokhala pansi miyezi isanu ndi umodzi kuwerenga, kufunsa nkhalamba, kulemba, kung'amba ndi kulembanso. Ntchito imeneyo ilibe kapeti wofiira, n'chifukwa chake ilibe anthu.

Yankho lachiwiri ndi mantha, ndipo ili sitiliseka. Mu 2011 Thlupego Chisiza adagwidwa ndi apolisi ku Blantyre chifukwa cha sewero lake la Semo, pomunena kuti sadatenge chilolezo cha Censorship Board. Chaka chomwecho aphunzitsi a pa Chancellor College adalimbana ndi boma kwa miyezi yambiri, apolisi atafunsa a Blessings Chinsinga za zimene adaphunzitsa m'kalasi. Mzimu wakale uja sudafe, umangogona. Koma mzimu wotere umanenepa anthu akamauopa. Ku Zimbabwe apolisi adalanda filimu ya Flame mu 1996 chifukwa idaonetsa nkhanza zimene asilikali aakazi adakumana nazo m'nkhondo ya ufulu, koma opanga ake adalimba ndipo filimuyo idaonetsedwa. Ousmane Sembène wa ku Senegal adajambula Camp de Thiaroye mu 1988, nkhani ya asilikali achikuda amene Afalansa adawapha mu 1944 atafunsa malipiro awo, ndipo sadadikire kuti Afalansa amupatse chilolezo. Kwathu konkuno a zisudzo za pasiteji adatsogola kale: mu 2012 a Nanzikambe pamodzi ndi a Bilimankhwe adachita sewero lochokera m'buku la a Mapanje lonena za moyo wawo wa ku Mikuyu. Palibe adaponyedwa kwa ng'ona. Koma sewero la pasiteji limaonedwa ndi anthu mazana angapo n'kutha. Filimu imafika ku Nsanje ndi ku Chitipa, imakhalapo eni ake atapita. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo ya mantha nayo chimodzimodzi.

Yankho lachitatu ndi lija la akuluakulu ena, lakuti tisatokose zilonda, zakale zidapita, tiyang'ane kutsogolo. Mawu okoma ndithu, koma chilonda chokutira ndi nsanza osachitsuka chimaola. Dziko lino silidakhalepo pansi kuti ozunza ndi ozunzidwa aulule zonse poyera monga adachitira a ku South Africa. Tidamanga chiliza cha a Banda ku Lilongwe mu 2006, nkhope yawo ili pa ndalama, dzina lawo lili pa bwalo la ndege ndi pa chipatala. Sitikuti zimenezi zichotsedwe. Tikuti mwana amene akudziwa kuti Ngwazi idamanga Capital Hill adziwenso kuti m'nthawi yomweyo kudali Mikuyu. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18. Amenewa sadagulepo khadi la chipani, sadaonepo Payoniya akutseka msika, ndipo mabuku a Chingerezi a a Mpasu ndi a Mapanje ambiri sadzawagwira. Chimene adzaone ndi kanema wa pafoni. Mukapanda kuwasimbira inu, adzawasimbira andale pamsonkhano, aliyense mokomera mtundu wa nsalu yake. Ndipo filimu yabwino siikhala bwalo la milandu. Ikhoza kutionetsa woyang'anira ndende amene ankamenya akaidi masana, usiku n'kumawazembetsera makalata. Ikhoza kutionetsa mayi wa mbumba amene ankavina ndi mtima wonse mwana wake ali m'ndende. Anthu otere ndi azakhali athu ndi amalume athu. Kuwamvetsa ndiko kuchira kumene tikukunenaku.

Yankho lachinayi ndi lakuti Amalawi amangofuna kuseka. Amenewa ndi mawu a munthu waulesi amene akunamizira oonera. Inde timakonda kuseka, ndipo malemu Izeki ndi Jakobo adatiseketsa mpaka nthiti kupweteka. Koma amene ankamvetsera bwino amadziwa kuti m'kati mwa nthabwala zawo munkakhala minga. Malemu Du Chisiza Jr ndi gulu lawo la Wakhumbata, lomwe adaliyambitsa mu 1987, ankadzaza maholo ndi masewero olemera, ena okhudza ndale, anthu akulipira pakhomo ndi ndalama zawo. Malemu Gertrude Kamkwatira adachita chimodzimodzi. Ndipo ngati mukukayika za mphamvu ya wochita zisudzo pa mitima ya Amalawi, kumbukirani kuti a Michael Usi, amene dziko lidawadziwa ngati Manganya wa mu Tikuferanji, adakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira mu June 2024 mpaka 2025. Anthu amamvera a zisudzo, mwina kuposa mmene amamverera aphunzitsi a mbiri. Mphamvu yotereyi n'kumangoithera pa nthabwala za apongozi?

Tsopano tibwere kwa inu anzathu a masamba a msangulutso, chifukwa mlandu uwu mulimo. Tsegulani tsamba lililonse la nkhani zotere muone. Uje wasiyana ndi uje. Uje wavala diresi loonetsa msana. Uje watukwana mnzake pa Facebook ndipo mtolankhani wakopera mawu onse n'kuwatcha nkhani. Filimu ikamatuluka, timawerenga kuti mwambo udali wapamwamba, kudabwera nduna, kudali zakumwa, ndipo wopanga filimuyo wati ndi yoyamba ya mtundu wake m'Malawi. Za filimuyo payokha, ngati nkhani yake ikumveka, ngati mawu akumveka, ngati ochita seweromo akukhulupirika, palibe chiganizo n'chimodzi chomwe. Nthawi zina munthu umachita kukayika ngati wolembayo adaionera n'komwe, kapena adangolandira chipondamthengo pakhomo n'kubwerera. Filimu iliyonse ndi yapamwamba, wosewera aliyense ndi katswiri, ndipo mphoto zimapita kwa amene ali ndi abale ambiri otumiza mavoti pafoni. Kodi mlimi amene aliyense amamuuza kuti munda wake uli bwino, udzu uli m'chiuno, adzagwira khasu liti? Kuyamikira zilizonse ndi njira ina yonyozera. Kumatanthauza kuti simukuyembekezera kanthu kwa anthu anu.

Ndipo pali nkhani zenizeni za msangulutso zimene simuzilemba. Funsani ochita zisudzo kuti ndi angati adasainapo pepala la mgwirizano asanayambe kujambula. Funsani kuti ndi angati adalipidwa ndalama osati fanta, thiransipoti ndi lonjezo lakuti atchuka. Funsani atsikana zimene ena amauzidwa kuti achite kuti apatsidwe mbali. Funsani nyumba za kanema chifukwa chake wopanga sewero amayenera kusaka yekha kampani yolipira nthawi ya pakanema, m'malo moti nyumbayo igule sewerolo. Funsani a COSOMA, amene akhalapo kuyambira 1992, kuti mwa ndalama zimene amatolera, zingati zimafika kwa anthu a mafilimu. Imeneyo ndiyo ntchito ya mtolankhani. Zoti uje ali ndi chibwenzi chatsopano tisiyireni ife, timazimva kale kumjigo.

Chimene chikutipangitsa kulemba mokalipa chonchi ndi nthawi. Mboni zikutha. A Chisiza adapita mu 1999, Mayi Kamkwatira mu 2006, a Chimombo mu 2015, Izeki mu 2016, a Mpasu mu 2018, Jakobo mu 2021. Amenewa ndi odziwika. Nanga osadziwika aja, ophika a ku Mikuyu, madalaivala a apolisi, akazi amene ankaima pageti ya ndende ndi kadengu ka ufa n'kubwezedwa, akumwalira angati mwezi uno ku Jali, ku Domasi ndi ku Thondwe popanda wowafunsa kanthu? Mapepala alipo, National Archives ili ku Zomba konko. Koma pepala silikuuza mmene chitseko chachitsulo chinkalirira, kapena nyimbo imene akaidi ankaimba mnzawo akamapita kokanyongedwa. Zimenezo zili m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalamba sizidikira kuti mupeze thandizo la ndalama. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Tsono tikupempha zinthu zochepa, zotheka. Akuluakulu a University of Malawi ku Chirunga, musalole mwana wa zisudzo kapena wa zofalitsa nkhani kutenga digiri asanapite ndi kamera kwa nkhalamba imodzi ya m'boma la Zomba n'kujambula umboni wake, ndipo zojambulazo zisungidwe pamalo poti aliyense akhoza kuzipeza. A MBC, amene mumayendera misonkho yathu, pamodzi ndi nyumba zina za kanema, gulani sewero limodzi la mbiri yathu pachaka, mulipire alembi ndi osewera monga mmene mumalipirira mapologalamu akunja. A Film Association of Malawi, limbikirani kuti pasakhale wosewera wojambulidwa popanda pepala la mgwirizano. Makampani a mafoni ndi mabanki amene mumathira mamiliyoni pa mpira ndi pa gofu, filimu imodzi siingakugwetseni. Akonzi a nyuzipepala, patulani danga la munthu amene adzaonere filimu mpaka kumapeto n'kunena zoona, ngakhale wopangayo akhale mlamu wake.

Ndipo inu opanga mafilimu, anzanu a ku Zambia akukuonani. Rungano Nyoni adatenga nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, I Am Not a Witch, n'kupata nayo mphoto ya BAFTA mu 2018, ndipo Chinyanja chathu chomwechi chikumveka m'menemo. Sadapemphe pepani kwa aliyense. Inu mumakwera phiri la Zomba pafupipafupi, timakuonani, kukajambula akwati pa mathithi a Williams ndi oimba atatsamira mitengo ya paini. Ulendo wina mukakwera, tembenuzani kamerayo iyang'ane kumunsi, cha ku Mikuyu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mimba mukupotamu ndi mwathu.